Mbiri ya Zilembo Zonenepa Zopendeka

Munthu woyenda m'misewu ya m'tauni amaona mawu olembedwa pa makoma, pa zitseko za masitolo ndi pamwamba pa nyuzipepala. Mawu ena amangokhala chete kudikira wowerenga, koma ena amachita ngati akufuula, kotero kuti maso amakokedwa mwiniwake asanafune. Kawirikawiri mphamvu imeneyi imachokera m'maonekedwe a zilembo. Pakati pa zilembo zofuulazi pali mtundu wina wodziwika ndi zinthu zinayi: ndi zonenepa, ndi zopendekera kudzanja lamanja, zili ndi timichira kumapeto a mizere yake, ndiponso zidapangidwira mitu ndi zidziwitso. Zinthu zinayizi sizidabadwe tsiku limodzi ayi. China chidachokera kwa osema miyala a ku Roma, china kwa alembi a ku Italy, zina kwa amalonda a ku London, ndipo padapita zaka pafupifupi 1,700 zisanakumane m'chilembo chimodzi. Mphunzitsi, amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndiyo kuonetsa ana zilembo, ayenera kuidziwa mbiri imeneyi, pakuti wodziwa chimene chida chidasulidwira sachigwira kumsonga.

Timichira ta Aroma

Mu mzinda wa Roma muli chipilala chachitali chimene chidaimikidwa m'chaka cha 113 pokumbukira nkhondo zimene mfumu Trajan idapambana ku Dacia. Patsinde pake pali mwala wolembedwa zilembo zazikulu zimene amisiri mpaka lero amaziyesa chitsanzo cha zilembo zokoma. Mzere uliwonse wa zilembozo umatha ndi kamchira kotambalala pang'ono, konga phazi limene chilembo chaimirapo. Timichira timeneti amisiri a ku Ulaya amatitcha serif. Anthu ambiri ankaganiza kuti tidayamba chifukwa cha chitsulo chosemera miyala, koma m'chaka cha 1968 Edward Catich, wansembe wa ku America amene adaphunzira mwalawo zaka zambiri, adatulutsa buku lofotokoza kuti mlembi ankayamba wajambula zilembo ndi burashi yophwatalala, ndipo wosema ankangotsata m'mene burashiyo yadutsa.

Pa miyala yotere Aroma ankalembapo zilembo zazikulu zokha. Zilembo zazing'ono zofanana ndi za lero zidakhazikika m'masiku a mfumu Charlemagne, cha m'ma 800, pamene alembi a m'nyumba za amonke, motsogozedwa ndi anthu onga Alcuin wa ku York, adazolowera kalembedwe kozungulira ndi kosavuta kuwerenga. Zitapita zaka 600, ophunzira a ku Florence, monga Poggio Bracciolini, adapeza mabuku olembedwa motero, nayesa kuti ndi dzanja la Aroma akale, nayamba kulitsanzira. Iwowa ndiwo adalumikiza zilembo zazikulu za pamiyala ndi zazing'ono za amonke. Pamene Johannes Gutenberg adasindikiza Baibulo lake ku Mainz cha m'ma 1455, adagwiritsa ntchito zilembo zakuda zopanikizana zimene alembi a ku Germany adazizolowera. Koma luso losindikiza litafika ku Italy, amisiri adatsata dzanja la ophunzira aja, ndipo mu 1470 Nicolas Jenson adatulutsa ku Venice zilembo zoongoka zimene zili kholo la zilembo za m'mabuku ambiri a masiku ano.

Kupanga zilembo m'masiku amenewo idali ntchito yolemetsa. Mmisiri ankasema chilembo chotembenuka kumsonga kwa kachitsulo kolimba, nakhomera kachitsuloko pa mkuwa kuti apange chikombole. M'chikombolemo ankathiramo mtovu wosungunula wosakaniza ndi tini ndi antimoni. Chilembo chilichonse, pa msinkhu uliwonse, chinkafuna kachitsulo kakekake. Chotero palibe mmisiri amene ankayamba mtundu watsopano popanda chifukwa chomveka, ndipo kusintha kulikonse m'mbiri ya zilembo kuli ndi chosowa china cha anthu kumbuyo kwake.

Chiyambi cha Kupendeka

Munthu akamalemba mofulumira dzanja lake limapendeka, ndipo zilembo zimayamba kugwirana. Umu ndi m'mene ankalembera Niccolò de' Niccoli, wophunzira wina wa ku Florence amene adamwalira mu 1437, ndipo alembi ambiri a ku Italy adatengera dzanja lake. M'chaka cha 1501 wosindikiza wa ku Venice, Aldus Manutius, adatulutsa ndakatulo za Virgil m'kabuku kakang'ono konyamulika m'manja. Zilembo za kabukuko adazisula ndi Francesco Griffo wa ku Bologna, motsanzira dzanja lopendeka lija. Buku lonse lidali lopendeka, kupatula zilembo zazikulu zimene zidatsala zoongoka. Tsono timabukuti tidakondedwa kwambiri, kotero kuti osindikiza a ku Lyon ku France adayamba kutitsanzira popanda chilolezo, ngakhale kuti boma la Venice lidamteteza Aldus ndi lamulo. Popeza zilembozi zidachokera ku Italy, Angerezi adazitcha italic.

Pambuyo pake amisiri ena adazikonza. Ludovico degli Arrighi, mlembi wa ku likulu la Papa ku Roma, adalemba kabuku kophunzitsa dzanja limeneli cha m'ma 1522. Pakati pa zaka za m'ma 1500 Mfalansa Robert Granjon adasula zopendeka zimene zilembo zake zazikulu nazonso zidali zopendeka, ndipo zidafala m'maiko ambiri a ku Ulaya. Koma pofika kumapeto a zaka zimenezo osindikiza adaona kuti tsamba lonse lopendeka limatopetsa maso. Kuyambira pamenepo zilembo zopendeka zidasanduka mtumiki wa zoongoka: ntchito yake idakhala kutsindika mawu, kusonyeza mawu achilendo ndi maina a mabuku. Mwambo umenewu ukadalipo, ndipo ndi chifukwa chake dzina la sayansi la mlambe, Adansonia digitata, limalembedwa mopendeka m'mabuku a zachilengedwe.

Chiyambi cha Kunenepa

Kwa zaka zoposa 300 chiyambire kusindikiza, wosindikiza wofuna mutu waukulu ankangotenga zilembo za m'buku za msinkhu wokulirapo. Kusintha kudayamba pang'onopang'ono. John Baskerville wa ku Birmingham, amene buku lake loyamba lidatuluka mu 1757, adasiyanitsa kwambiri mizere yokhuthala ndi yopyapyala, pakuti pepala lake losalala ndi inki yake yabwino zidalola kuti kamzere kochepa kaoneke. Firmin Didot ku Paris ndi Giambattista Bodoni ku Parma adapitiriza njira imeneyi mpaka timichira tidasanduka timizere toongoka tonga tsitsi. Bodoni adamwalira mu 1813, ndipo mkazi wake adatulutsa buku lalikulu la zitsanzo za zilembo zake mu 1818.

Nthawi yomweyo dziko la England lidali kusinthika. Mafakitale adachuluka, anthu adasamukira m'matauni, ndipo pa kalembera wa 1801 mzinda wa London udali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Amalonda, eni nyumba za zisudzo, eni ngolo za akavalo zonyamula anthu, ndi ogulitsa matikiti a lotale ya boma onse adafuna kulankhula ndi khamu lodutsa mumsewu. Makoma adadzaza ndi mapepala omata, lililonse kulimbirana maso ndi linzake. Makina nawonso adakula mphamvu: cha m'ma 1800 Earl Stanhope adapangitsa makina osindikizira a chitsulo chokhachokha, amene ankadinda molimba koposa a matabwa, ndipo mu November 1814 nyuzipepala ya The Times idayamba kusindikizidwa pa makina a nthunzi a Friedrich Koenig, otulutsa mapepala 1,100 pa ola limodzi.

Zilembo za m'buku sizidathe ntchito ya pakhoma, pakuti zidapangidwira munthu wokhala pansi, buku lili pamanja. Chotero osula zilembo a ku London adatenga zilembo za mtundu wa Didot ndi Bodoni, nakhuthalitsa mizere yokhuthala kufikira nthawi zina idapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa chilembo, koma mizere yopyapyala adaisiya monga idaliri. Mtundu umenewu udatchedwa fat face, ndiye kuti nkhope yonenepa, ndipo udayamba kuoneka pakati pa 1805 ndi 1810. Dzina limene limatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi ndi la Robert Thorne, mwini malo osulira zilembo a ku Fann Street. Iye atamwalira mu 1820 malowo adagulidwa ndi William Thorowgood. Pofika zaka za m'ma 1820 mabuku a zitsanzo a osula zilembo adali ndi zonenepa zoongoka, zonenepa zopendeka, ngakhale zina zopendekera kumanzere. Apa ndipo padakumana kamchira ka Aroma, kupendeka kwa alembi a ku Italy ndi kunenepa kwa malonda a ku London. Mitundu inanso ya pakhoma idabadwa m'zaka zomwezo: mu 1815 Vincent Figgins adaonetsa zilembo za timichira tokhuthala, ndipo mu 1816 William Caslon wachinayi adaonetsa zilembo zopanda timichira konse.

Zilembo za Mtengo ndi Mabanja a Zilembo

Chilembo chachikulu cha mtovu chidali cholemera ndi chokwera mtengo, ndipo pozizira nkhope yake inkakhala yosalingana, osadinda bwino. Darius Wells wa ku New York adapeza njira yosemera zilembo pa mtengo ndi makina, natulutsa buku la zitsanzo zake mu 1828. Kuyambira pamenepo zilembo zonenepa zidatha kukula koposa chikhatho cha munthu, ndipo zidadzaza zidziwitso za malonda a okushoni, za masewero, za misonkhano ndi za maulendo a sitima.

Kunenepa kudalowanso m'mabuku, koma mofatsa. Mu 1845 Robert Besley, wa ku Fann Street komwe kuja, adalembetsa ku boma mtundu wotchedwa Clarendon, umene udakondedwa polemba mawu otsogolera m'mabuku otanthauzira mawu. Wowerenga ankapeza msanga liwu lofunalo popanda kuwerenga tsamba lonse. Mu 1885 Linn Boyd Benton wa ku America adalandira chilolezo cha boma pa makina osema tizitsulo ta zilembo, ndipo ntchito imene kale inkatha miyezi idafupika. Mwana wake, Morris Fuller Benton, wogwira ntchito ku American Type Founders, adakulitsa mtundu wotchedwa Cheltenham kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka udasanduka banja la zilembo zoongoka, zopendeka, zonenepa, zonenepa zopendeka, zopanikizana ndi zotambalala. Mwambo wakuti mtundu umodzi ukhale ndi abale anayi, ndiwo choongoka, chopendeka, chonenepa ndi chonenepa chopendeka, udakhazikika m'zaka zotsatira, ndipo ndi umene munthu amaupeza lero pa kompyuta.

Si onse adazikonda zilembo zonenepa. William Morris, amene adayambitsa Kelmscott Press mu 1891, ankaona kuti zilembo za m'masiku ake zidaipa, ndipo adabwerera ku chitsanzo cha Jenson. Kwa kanthawi amisiri ophunzira ankaziyesa zonenepa chizindikiro cha umbombo wa malonda. Koma amalonda sadazitaye. Mu 1922 Oswald Cooper wa ku Chicago adatulutsa Cooper Black, ya timichira tozungulira, ndipo yopendeka yake idatsatira mu 1926. Mu 1928 Morris Fuller Benton adadzutsa nkhope yonenepa ija m'dzina la Ultra Bodoni. Mu 1992 Matthew Carter adajambulira kompyuta mtundu wina motsata zilembo za Figgins, woongoka ndi wopendeka womwe, nautcha Elephant, ndiye kuti njovu, dzina loyenera ndithu chilembo cholemera chotero.

Maonekedwe Ake

Wofuna kuzindikira zilembo zimenezi ayang'ane zinthu zingapo. Choyamba, mizere yotsika ndi yakuda bii, pamene yopingasa ndi yolumikiza ndi yopyapyala, ndipo mpata woyera wa m'kati mwa o, e ndi a ndi wochepa. Chachiwiri, chilembo chimapendekera kumanja, kawirikawiri madigiri a pakati pa 10 ndi 20, ndipo kupendekaku kumapatsa mawu maonekedwe a liwiro. Chachitatu, chopendeka chenicheni chili ndi maumbidwe akeake ochokera ku dzanja la mlembi: a amakhala wa chipinda chimodzi monga amalembera mwana m'kope, f nthawi zambiri amatsika pansi pa mzere, ndipo m, n ndi u amatha ndi kokowa kokwera m'mwamba. Chachinayi, zilembo monga c, f, r ndi y zimakhala ndi kampira kumsonga.

Pamenepa pali kusiyana kofunika. Kompyuta ikapanda kupeza chopendeka kapena chonenepa cha mtundu wina, imangokankha chilembo choongoka ndi kuchitupitsa. Zotuluka pamenepo zimakhala zopunduka, pakuti mizere yozungulira imapotoka ndipo timipata timatsekeka. Mmisiri weniweni amajambula chilembo chilichonse payekha, nayesanso mpata wa pakati pa chilembo ndi chinzake.

Msinkhu wa zilembo umayesedwa ndi mapointi, ndipo mapointi 72 ndi inchi imodzi. Mabuku a akuluakulu amasindikizidwa ndi zilembo za mapointi 10 kufikira 12. Zilembo zonenepa zopendeka zimaoneka bwino kuyambira pa mapointi 24 kupita m'mwamba. Zikachepetsedwa, timizere topyapyala timazimirira, timipata toyera timadzaza inki, ndipo mawu amasanduka mzere wa madontho akuda.

Phunziro kwa Mphunzitsi

Luso losindikiza lidafika m'dziko la Malawi ndi amishoni, amene adakhazikitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, ndipo nyuzipepala ya Central African Planter idayamba mu 1895. Zilembo zimene osindikizawa ankagwiritsa ntchito zidasulidwa kunja, motsata zosowa za zinenero za ku Ulaya. Chifukwa chake mphunzitsi wa Chichewa ayenera kuziyesa yekha asanazipachike pamaso pa ana.

Mawu a Chichewa amatalika, popeza liwu limodzi limanyamula wochita, nthawi, wochitiridwa ndi tsinde. Liwu longa sadzakuthandizaninso, likalembedwa ndi zilembo zonenepa, lingathe kudzaza mzere wonse wa tchati. Ndiponso Chichewa chili ndi m, n, w ndi u ambiri oyandikana, monga m'mawu akuti mwamuna ndi mnyamata. Kwa mwana wokhala kumbuyo kwa kalasi timizere topyapyala sitioneka, ndipo amangoona mizati yakuda yopendeka yondondozana, osadziwa pamene m wathera ndi pamene w wayambira. Kachizindikiro ka m'mwamba ka mu ng' nakonso kamabisala msanga pakati pa zilembo zopanikizana. Kakabisala, ng'oma yoimba imasanduka ngoma ya kutchire. M'mitundu ina yakale h wopendeka amapinda mwendo wake m'kati nafanana ndi b, chikhalirecho h ndiye amasiyanitsa khola ndi kola, phala ndi pala. Ndipo wofuna kulemba ŵ wa kadenga ayambe waona ngati mtundu umene wasankha uli naye, pakuti mitundu ina ya mitu ilibe chilembo chimenechi.

Mwana wa Sitandade 1 sanadziwe kuti a wa chipinda chimodzi ndi a wa zipinda ziwiri ndi chilembo chimodzi. Iye akuphunzira maumbidwe, ndipo chimene afuna ndi zilembo zoongoka, zazikulu bwino, za mizere yolingana, zotalikirana mokwanira, zofanana pa bolodi, pa tchati ndi m'buku. Kumpatsa ndime yonse ya zilembo zonenepa zopendeka ndiko kumsenzetsa katundu wawiri, pakuti ayenera kulimbana ndi maonekedwe asanafike pa liwu. Mwana wotere akalephera kuwerenga, ena adzamuyesa wopanda nzeru, pamene cholakwa chili pa tchati.

Komabe zilembozi zili ndi malo ake pasukulu. Dzina la sukulu pa chikwangwani cha kumsewu, mutu wa nyuzipepala ya pakhoma, chidziwitso cha tsiku la masewero kapena la msonkhano wa makolo, chenjezo la pa chitsime kapena pa msewu wodutsa ana: zonsezi zifuna mawu awiri kapena atatu ooneka patali, ndipo imeneyi ndiyo ntchito imene Thorne ndi anzake adazisulira. Mphunzitsi angathe kuzijambula yekha ndi choko chogoneka cham'mbali kapena ndi bango losongoledwa mophwatalala, atayamba walemba timizere topendeka totsogolera kuti zilembo zonse zipendeke mofanana. M'makalasi apamwamba angathenso kusonkhanitsa mitu ya nyuzipepala ndi mapepala a malonda, nafunsa ana kuti anene chimene diso lidayamba kuona ndi chifukwa chake. Mwana wophunzira zimenezi amazindikira kuti kukula kwa zilembo sindiko kukula kwa choonadi, ndipo sanyengedwa msanga ndi wamalonda.

Kumudzi, mfumu ikafuna anthu, wolengeza amakwera pa chulu madzulo nafuula mawu ochepa kuti mudzi wonse umve. Koma m'mawa anthu akasonkhana pabwalo, mlandu umakambidwa ndi mawu ofatsa, ndipo wofuula pamenepo amadzudzulidwa. Zilembo zonenepa zopendeka ndizo wolengeza wa pa chulu, ndipo zoongoka za Jenson ndizo mawu a pabwalo. Amalonda a ku London adaphunzira kuti khoma lodzaza ndi mapepala ofuula limaleka kumveka, pakuti aliyense adafunikira kukulitsa zilembo zake koposa za mnzake. Akuluakulu adati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Mphunzitsi wanzeru adzasunga chilembo chofuula kuti chigwire ntchito pa mutu umodzi, ndipo pansi pake adzalemba phunziro ndi zilembo zofatsa zimene mwana wa kumbuyo kwenikweni angathe kuwerenga.